INJINI IKAFA PANJIRA

Aliyense amene anayendapo pamsewu wochokera mumzinda wa Tete kupita ku Ulónguè akudziwa kuti ulendowu ndi wokwera. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene dziko la Angónia lili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo pakati pa malo awiriwa pali makilomita oposa 200. M'mwezi wa Okutobala kutentha kwa ku Tete kumafika madigiri 40, nthawi zina kupitirira. Munali m'mwezi umenewu, ndiponso pamsewu umenewu, pamene injini ya galimoto yanga inafa. Ndalemba nkhaniyi chifukwa chiwerengero cha abale ndi alongo amene ali ndi magalimoto chikukula, ndipo ambiri a ife tinagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, ndi ndalama zimene tinasonkhanitsa kwa zaka zambiri.

Tsiku limene singano inakwera

Tinanyamuka ku Tete dzuwa lili paliwombo. Ndinali ndi amayi a kunyumba pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi, ndipo kumbuyo kwa pikapu yanga ya dizilo tinali titapakira matumba a simenti. Titadutsa Moatize ndi kuyamba zitunda, mkulu uja analoza pa dashibodi.

"Abusa, taonani singano iyi yakwera. Kodi sitingaime pang'ono?"

"Musadandaule, akulu," ndinayankha motero. "Imatero ikakhala pachitunda. Tikafika pa Mussacama tiithira madzi."

Patapita mphindi zochepa singano ija inatsika yokha. Ine ndinaseka n'kunena kuti, "Mwaonatu, yazizira." Sindinadziwe kuti kutsika kumeneku kunali koopsa kuposa kukwera kuja. Kachipangizo koyeza kutentha kamakhala m'madzi a injini, ndipo madziwo akatha kamatsala pouma, motero singano imatha kutsika pamene chitsulo chikupsa. Posakhalitsa galimoto inayamba kufooka, fungo la chinthu chowauka linalowa m'kati, ndipo injini inazima yokha. Pa Mussacama sitinafike.

Usiku umenewo tinagona m'mbali mwa msewu kulondera simenti. M'mawa mwake tinalipira lole yotikoka. Makaniko atamasula injini anandiitana, nandionetsa kapaipi ka rabara kamene kanali katang'ambika pansi pa lediyeta.

"Abusa, chiyambi chake ndi aka," anatero. "Madzi onse anathera apa. Tsopano junta yapsa, ndipo mutu wa injini wang'aluka. Mukanaima pamene singano inakwera, bwenzi lero mutagula kapaipi kokha."

Kapaipi kameneko mtengo wake sunkaposa wa nkhuku ziwiri. Koma kuti galimoto iyendenso, banja lathu linagulitsa ng'ombe ziwiri zimene tinkasungira sukulu ya ana, ndipo galimotoyo inakhala pagaraja miyezi inayi. Amayi a kunyumba sanandidzudzule ndi mawu ambiri. Anangondifunsa kuti, "Bambo, kodi akulu aja sananene?"

Chifukwa chake kutentha kumapha injini

Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Pa nkhani ya injini ndaphunzira kuti kawirikawiri ng'oma imalira, koma mwini galimoto ndiye amatseka makutu. Ine ndinali nditathira madzi mu lediyeta m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, osadzifunsa kumene madziwo ankapita. Lediyeta yabwino siifuna madzi tsiku ndi tsiku.

Injini imagwira bwino ntchito ikatentha madigiri apakati pa 80 ndi 100. Madzi amazungulira m'kati mwake kutenga kutentha, n'kukazizira mu lediyeta. Chivindikiro cha lediyeta chimasunga mphamvu ya mpweya kuti madziwo asawire pa madigiri 100 monga amachitira mumphika, koma apirire kufikira pafupifupi 120. N'chifukwa chake chivindikiro chakutha, ngakhale chili chaching'ono, chingathe kuwononga injini yonse.

Mainjini ambiri ali ndi thunthu lachitsulo ndi mutu wa aluminiyamu. Aluminiyamu ikatentha imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, motero kutentha kukapyola muyeso mutuwo umapindika kapena kung'aluka. Pakati pa mutu ndi thunthu pamakhala chomatira chimene amakaniko a kuno amati junta, ndipo anzathu a ku Malawi amati gasiketi. Chimenechi chikapsa, madzi ndi oilo zimasakanikirana. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wosatha kumbuyo kwa galimoto, thovu mu lediyeta, ndi oilo wooneka ngati tiyi wamkaka.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zafala pakati pathu. Choyamba ndicho kuthira madzi a pachitsime kapena a mumtsinje m'malo mwa madzi amankhwala aja opangidwira lediyeta. Madzi wamba amasiya dzimbiri ndi miyala yoyera imene imatseka timipata ta lediyeta pang'onopang'ono. Chachiwiri ndicho kuthira madzi ozizira m'injini imene yangowira kumene. Chitsulo chamoto chikakumana ndi madzi ozizira chimang'aluka, ndiponso munthu wotsegula chivindikiro nthawi imeneyo amapsa nkhope ndi manja. Injini ikawira, izimitseni ndi kudikira kufikira itazizira.

Lamba amene saoneka

Mbiri ya tsoka langa itamveka, eni magalimoto anzanga anayamba kundiuza zawo. Ndinadabwa kuona kuti ambiri anali atasunga nkhanizi mumtima chifukwa cha manyazi.

Mbale wina anali ndi chapa yonyamula anthu, imene anagula ndi ndalama za mbatata ya kachewere za zaka zitatu. Tsiku lina ali pamalo athyathyathya, singano ili pamalo ake, injini inangozima ngati munthu wazimitsa nyali. Iye anayesa kuliza kangapo, kenaka anapempha okwera kuti akankhe. Ku garaja anamuuza kuti lamba wa m'kati waduka.

Lamba ameneyu ndi wosiyana ndi uja timamuona tikatsegula boneti. Amakhala wobisika m'chivindikiro chake, ali ndi mano, ndipo ntchito yake ndiyo kugwirizanitsa mapisitoni ndi mavavu kuti pisitoni ikafika pamwamba vavu ikhale itachoka panjira yake. M'mainjini ambiri, makamaka a dizilo, pisitoni ndi vavu zimadutsa pamalo amodzi koma pa nthawi zosiyana. Lamba akaduka, zimawombana. Injini yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi imazungulira maulendo 50 pa sekondi imodzi, choncho dalaivala asanachotse phazi mavavu amakhala atapindika kale.

Lamba ameneyu ndiye amene nthawi zambiri sachenjeza ndi phokoso. Chenjezo lake lili m'buku la galimoto ndi pa mita yowerenga makilomita. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kumusintha pa makilomita pafupifupi 100,000, kapena pakatha zaka zisanu ngakhale galimoto isanayende mtunda wotere, popeza rabara imakalamba ngakhale ili chikhalire. Magalimoto ena a dizilo a Toyota ali ndi nyali yolembedwa T-BELT yokumbutsa za nthawiyi. Mainjini ena ali ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndipo tcheni chimakhalitsa malinga oilo akhale waukhondo. Mbale wathuyu sanadziwe ngati injini yake inali ya lamba kapena ya tcheni. Sanadziwenso kuti pali ogulitsa ena osakhulupirika amene amabweza mita m'mbuyo. Lero amauza aliyense kuti munthu akagula galimoto yakale yopanda umboni wolembedwa wosonyeza tsiku limene lamba anasinthidwa, asinthe lambayo asanayambe maulendo.

Nyali yofiira ya oilo

Mayi wina wamasiye anatsala ndi pikapu ya malemu amuna awo, ndipo analemba mnyamata woyendetsa kuti azinyamula chimanga ndi nyemba kupita nazo kumisika. Mnyamatayo ankalandira ndalama za oilo, koma ankagula wotsika mtengo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, yemwe palibe amene ankadziwa kumene anachokera. Sefa ya oilo sankasintha. Tsiku lina nyali yofiira, ija yooneka ngati ketulo, inayaka. Iye anaganiza kuti akafika kaye kumsika, womwe unali makilomita ochepa patsogolo. Asanafike, injini inayamba kugogoda ngati munthu akusula khasu, kenaka inauma gwa. Amakaniko amati injini yanoka.

Ambiri timaganiza kuti nyali imeneyi imatanthauza kuti oilo wachepa pang'ono, tidzawonjezera tikafika. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti oilo wasiya kufika ndi mphamvu m'ziwalo zozungulira. Mtanda waukulu wa m'injini umazungulira utayandama pa oilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Oiloyo akasowa, chitsulo chimakhuzana ndi chitsulo chinzake, ndipo zimatha kusungunuka ndi kumatirirana m'kanthawi kochepa. Nyali imeneyi ikayaka galimoto ili paulendo, malo oimira ndi pomwepo.

M'misewu yathu yafumbi oilo amada msanga. Pa mainjini akale a dizilo, kusintha oilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 aliwonse ndi mwambo wabwino. Mayiwa anandiuza mawu amene sindiwaiwala: "Abusa, ine ndinkawerengera matumba okwera ndi otsika, koma sindinafunsepo kuti oilo wagulidwa kuti." Tsopano amakagula okha oilo wosindikizidwa bwino m'chigubu chake, ndipo amaimirira pomwepo pamene akuthiridwa. Amene muli ndi madalaivala olembedwa ntchito, galimoto ndi yanu, ndipo ngongole ikabwera idzalembedwa dzina lanu.

Madzi a dzinja

Nkhani yachinayi ndi ya mphunzitsi wachinyamata amene anafika pakamtsinje kosefukira m'mwezi wa Febuluwale. Anaona lole itawoloka, naye analowa ndi liwiro poganiza kuti liwirolo limuthandiza. Madzi anakwera pa boneti, nalowa pamene injini imakokera mpweya, ndipo galimoto inazima pakati pa mtsinje. Anthu atamukankhira kumtunda, iye anayesa kuliza. Apo ndi pamene anaiphera.

Injini inapangidwa kuti izipanikiza mpweya. Ya dizilo yakale imapanikiza mpweya kufikira utachepa pafupifupi ka 20. Madzi sapanikizika. Pisitoni ikakwera n'kupeza madzi, mkono wachitsulo woikankha umapindika kapena kuthyoka, ndipo nthawi zina umaboola thunthu la injini. Galimoto ikazimira m'madzi, musayese kuiliza. Ikokedwe, makaniko atulutse madzi m'masilinda ndi kusintha oilo. Kawirikawiri injini yosamalidwa motere imapulumuka.

Si nthawi zonse mwini ali wolakwa

Tisafulumire kuweruza aliyense amene injini yake yafa. Nthawi zina cholakwa chimachokera kufakitale. M'mwezi wa Januwale chaka cha 2017, kampani ya Ford ku South Africa inaitanitsa magalimoto 4,556 a mtundu wa Kuga, a injini ya malita 1.6, magalimoto angapo atayaka moto. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti madzi sankazungulira bwino, injini inkatentha, mutu wake unkang'aluka, ndipo oilo ankadonthera pazitsulo zamoto. M'chaka cha 2019 kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha ma rand 35 miliyoni. Ku America, m'chaka cha 2015, kampani ya Hyundai inaitanitsa magalimoto pafupifupi 470,000 a mtundu wa Sonata, chifukwa tizidutswa tachitsulo totsalira popanga injini tinkatha kutseka njira za oilo.

Eni magalimoto amenewo anali ndi pokadandaula. Ife amene timagula galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, kudzanso kuwoloka nyanja, kawirikawiri tilibe chitsimikizo cha wogulitsa. Inshuwalansi imene lamulo limatikakamiza kukhala nayo imalipira anthu ena amene tawavulaza kapena kuwawonongera katundu pangozi, ndipo siilipira injini yakufa. Choncho nthawi yodziteteza ndi tsiku logula. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Pemphani kuti injini ilizidwe ili yozizira, pakuti injini yotenthetsedwa kale imabisa matenda. Yang'anani pansi pa chivindikiro cha oilo, yang'anani utsi, ndipo yendani nayo pachitunda. Safunsa anadya phula.

Pamene ndalama zimathera

Eni magalimoto onse amene ndinacheza nawo anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti ndalama zambiri zinawonongeka injini itafa kale, chifukwa cha changu ndi mantha. Ine ndemwe ndinalipira kawiri. Poyamba ndinavomera kuti asinthe junta yokha chifukwa inali yotchipa, mutu wa injini osayezedwa. Patatha sabata imodzi madzi anayambanso kutha, ndipo injini inamasulidwanso. Mutu wa injini imene inawira uyenera kupita kwa amisiri a makina kuti akauyeze ngati uli wowongoka ndiponso ngati ulibe mng'alu. Wopindika pang'ono amaupala, koma wong'aluka kawirikawiri umafuna wina.

Mwini galimoto amakhala ndi njira zitatu. Angathe kukonzetsa injini yomweyo, ndipo njirayi ndi yabwino ngati thunthu lili lamoyo ndiponso mmisiri ndi wodziwa. Angathe kugula injini ina yogwiritsidwa kale ntchito, koma akumbukire kuti akugula chinthu chimene mbiri yake sakuidziwa. Apemphe pepala losonyeza masiku a chitsimikizo, asunge malisiti onse, aike lamba watsopano injiniyo isanalowe m'galimoto, ndipo akafunse ku ofesi yoona za magalimoto za kalembetsedwe ka nambala ya injini yatsopanoyo. Njira yachitatu ndiyo kugulitsa galimoto monga ilili. Imeneyi ndi yowawa, koma mtengo wokonzera ukayandikira mtengo wa galimoto yonse, ndi yanzeru. Mbale wa chapa uja anakana njirayi poopa kusekedwa. Anakatenga katapira, ndipo chiwongoladzanja chinadya chapa ija pamodzi ndi dimba lake.

Pochita ndi makaniko, pemphani kuti alembe papepala zonse zofunika ndi mitengo yake ntchito isanayambe. Musapereke ndalama zonse tsiku loyamba. Pemphani kuona ziwalo zakale zimene zachotsedwa. Funsani chimene chinayambitsa vutolo, pakuti injini yatsopano yolumikizidwa ku lediyeta yotsekeka idzafa imfa yomweyo. Komanso tinene chilungamo: amakaniko ambiri ndi anthu okhulupirika, ndipo nthawi zina ndife eni magalimoto amene timawakakamiza kuika ziwalo zotchipa, kenaka n'kumawanena m'mudzi monse. Mmisiri akagwira ntchito yake bwino, alipidwe pa nthawi yake.

Mawu kwa iwo amene akufuna kugulitsa galimoto yodwala: muuzeni wogula matenda ake. Pali anthu amene amathira mankhwala omata mu lediyeta kapena oilo wolimba kwambiri kuti phokoso libisike kwa masiku ochepa. Wogulayo ndi munthu wa banja ngati inu, ndipo ng'ombe zimene adzagulitse ndi za ana ake.

Mphindi zisanu za m'mawa

Kuchokera tsiku lija ndili ndi kabuku m'galimoto momwe ndimalemba tsiku ndi makilomita a chilichonse chimene chasinthidwa. Ndisananyamuke ulendo wautali ndimatsegula boneti injini ili yozizira, ndimayeza oilo, ndimaona madzi, ndimafinya mapaipi a rabara kuti ndimve ngati auma kapena afewa kwambiri, ndipo ndimasuzumira pansi kuona ngati pali chimene chadontha usiku. Zonsezi sizitha mphindi zisanu. Ndimayendanso ndi chigubu cha madzi, lita imodzi ya oilo, ndi zizindikiro za makona atatu zoika pamsewu.

Tinagwirizananso ndi amayi a kunyumba kuti mwezi uliwonse tizipatula kandalama ka galimoto, ngakhale iyo ili bwinobwino. Munthu amene angathe kugula dizilo yekha, osatha kusunga ya oilo, matayala ndi lamba, nthawi yake yokhala ndi galimoto siinakwane, ndipo palibe chamanyazi kudikira.

Mkulu wa mpingo uja timayendabe limodzi. Masiku ano akakhala pampando wa kutsogolo, maso ake sachoka pa singano ija, ndipo ine sindiwaletsa. Mwezi wathawu tikukwera zitunda zomwe zija anati, "Abusa, ndikumva kafungo." Ndinaima pomwepo. Linali pepala la pulasitiki limene linamatirira ku paipi ya utsi. Tinataya mphindi khumi, ndipo tinakafika ku Ulónguè dzuwa lisanalowe.